Usipa wa kumwamba ndi nyali yake

Mwezi ukakhala wathunthu, chilimira, ukonde waukulu wogwirira usipa, chimagona kumtunda. Aliyense amene anakulira m'mphepete mwa nyanja amadziwa chifukwa chake: usipa umalondola kuwala, ndiye mwezi ukati mbee nyanja yonse, nyali ya siginala, msodzi amene amaitana nsomba ndi kuwala, imasowa ntchito. N'chifukwa chake madzulo a Lamulungu pa 7 Seputembala 2025 ndinawapeza amalume pa dooko lathu, kufupi ndi pamene madzi a Chia amakumana ndi nyanja, atakhala pamchenga akusoka ukonde, mabatire ali pambali. Amalume akhala siginala kuyambira nthawi ya nyali zopopa za palafini mpaka pano pamene aliyense wasamukira ku mababu. Maso awo anazolowera mdima kuposa a munthu wina aliyense amene ndimamudziwa.

Ndinapitako dala. Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Nkhotakota, ndipo ndinkadziwa kuti usiku umenewo kukhala kadamsana wa mwezi. Ndinafuna kukaonera pamalo opanda magetsi. Mwezi unatuluka tsidya la ku Mozambique dzuwa likungolowa, waukulu, wachikasu chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire. Cha m'ma 6:30 unayamba kudyeka mbali imodzi ngati chigumu chimene mwana waluma, ndipo pofika 7:30 wonse unali utafiira ngati njerwa yootcha. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti tikavote, ndiye simungadabwe kuti ena pa dooko anati amenewa ndi malodza. Amayi ena anaitana ana awo kuti alowe m'nyumba. Ine ndinafotokozera amene anafuna kumva: dziko lalowa pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndipo kufiirako ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwadutsa mumpweya wokuta dziko lathu, kufiira komwe kuja timakuona m'bandakucha pamwamba pa nyanja.

Koma amalume sankayang'ana mwezi. Anali atagadama, ukonde uli pamiyendo, maso ali pamwamba penipeni pa mitu yathu. Mwezi utazima, nyenyezi zonse zimene unaziphimba zinatulukira, ndipo mlalang'amba unayalika kuchokera kumpoto mpaka kumwera, woyera ngati ufa wotayikira panjira ya kuchigayo. Chapakati pake panali potupa, powala kuposa pena ponse, podulidwa ndi mizere yakuda.

"Aphunzitsi," anatero. Amandiitana choncho chiyambireni ntchito, ngakhale kuti anandinyamula ndili khanda. "Uwo ndi usipa umene wasonkhana. Koma usipa susonkhana chabe. Nyali yake ili kuti?"

Funso limenelo silinandichoke mpaka lero, chifukwa ndi lomwelo limene likuwasowetsa tulo akatswiri a zakuthambo.

Ife a kunyanja sitinayambe dzulo kuyang'ana kumwamba. Agogo anga aakazi ankatiuza kuti mwezi ndi mwamuna wamitala: mkazi wa kumadzulo amamudyetsa mpaka anenepe, koma wa kum'mawa, Nthanda, amamumana mpaka aonde n'kutha. Ndinadzadziwa ndili wamkulu kuti akazi awiriwo ndi mmodzi, pulaneti ya Venus. Komabe nthanoyo inalondola, poti mwezi umayambadi kukula uli kumadzulo n'kukathera kum'mawa. Ankatilozeranso Nsangwe, Akamwiniatsatana atatu aja ondondozana, ndi Kumpotosimpita, dzina limene pa lokha ndi phunziro lathunthu, chifukwa nyenyezi zimenezo zimangozungulira chakumwera. Amene anatcha mayina amenewa anachezera usiku wambiri akuyang'anitsitsa.

Ndinawayankha amalume kuti pamene munthu angayembekezere nyali pali chinthu chakuda bii. Potupa paja ndi pakati pa mlalang'amba wathu, khamu la nyenyezi zoposa mabiliyoni 100, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi chabe mwa izo. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Kuchokera kumwezi kumafika kuno m'sekondi imodzi ndi pang'ono, kuchokera kudzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu, koma kuchokera pakati paja kumatenga zaka pafupifupi 27,000. Pamenepo pali chimene asayansi amachitcha black hole, dzenje lokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Dzina lake ndi Sagittarius A*, ndipo limalemera ngati madzuwa mamiliyoni anayi. Kwa zaka zambiri ankalidziwa poona mmene nyenyezi zoyandikira zimalizungulirira mwaliwiro, ntchito imene inapezetsa Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez mphoto ya Nobel mu 2020. Kenako pa 12 Meyi 2022 gulu la Event Horizon Telescope, limene linalumikiza matelesikopu a m'mayiko otalikirana kuti akhale ngati diso limodzi lalikulu ngati dziko lonse, linatulutsa chithunzi chake. Ndinali nacho pafoni ndipo ndinawaonetsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chikufanana ndi mbaula yoionera pamwamba, makala apakati atazima, a m'mbali akuyakabe.

Dera limenelo a ku Ulaya amaliona chapansi penipeni, koma ife limatidutsa pafupifupi pamutu. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ku Karoo, ku South Africa, anamangirako MeerKAT, madishi 64 otchera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, amene anatsegulidwa mu 2018. Mafunde amenewa amabowoleza fumbi lija limaoneka ngati mizere yakuda. Chithunzi chimene MeerKAT inatulutsa mu 2022 chinaonetsa timizere towonda pafupifupi chikwi chimodzi, totambalala ngati ulusi wa ukonde, ndipo mpaka pano akatswiri akukanganabe za chimene chinatipanga.

"Ndiye dzenjelo ndi limene lagwira usipa wonsewo?"

"Ayi, amalume. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani."

Madzuwa mamiliyoni anayi amamveka ambiri, koma pakati pa nyenyezi mabiliyoni oposa 100 ali ngati njere imodzi ya mpunga m'mbale yodzaza. Dzenjelo limalamula nyenyezi zapafupi zokha. Zina zonsezo chikuzigwira n'chiyani? Poyamba yankho linkaoneka losavuta: zimakokana zokha, iliyonse ndi kulemera kwake. Zikanakhala choncho, nyenyezi za kumphepete zikanamayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi zamkati, monga zimachitikira ndi mapulaneti: Mercury, amene ali pafupi ndi dzuwa, amalizungulira m'masiku 88 ali pa liwiro lalikulu, pamene Neptune wakutali amayenda modekha n'kutha zaka 165. Koma m'zaka za m'ma 1970 mayi wina wa ku America, Vera Rubin, pamodzi ndi mnzake wa ntchito Kent Ford, anayeza liwiro la nyenyezi za m'milalang'amba yambiri, kuyambira ndi Andromeda. Anapeza kuti za kumphepete zikuthamanga chimodzimodzi ndi zamkati. Pa liwiro limenelo zinayenera kuthothoka kalekale ngati mwala wochoka mu gulaye. Koma sizithothoka. Fritz Zwicky anali ataona zofanana mu 1933 pa gulu la milalang'amba lotchedwa Coma, koma ambiri sanamumvere.

Tanthauzo lake n'lakuti pali chinthu china cholemera chimene sitichiona, chochuluka kasanu kuposa nyenyezi, mpweya, fumbi ndi mapulaneti onse kuphatikiza pamodzi. Anachitcha dark matter. Dzinali limasocheretsa, chifukwa munthu amaganiza za chinthu chakuda ngati makala, pamene makala amatchinga kuwala ndipo umatha kuwagwira. Ichi sichiwala, sichitchinga kuwala, sichigwirika. Chimangokoka basi. Malinga ndi mmene akatswiri ambiri amaganizira, chinkatidutsa m'matupi usiku umenewo tili pamchenga, ife osamva kanthu.

Ndinkayembekezera kuti amalume aseka. M'kalasi ndikafika pamenepa pamapezeka mwana wonena kuti azungu akungopeka. Koma iwo anakhala chete kanthawi, singano ili m'manja, kenako anati:

"Zimenezo si zachilendo. Pali masiku amene pamwamba pamakhala bata, nyanja ili see, koma ukaponya chilimira umaona zingwe zikupita kwina. Madzi apansi akuyenda ulendo wawo. Palibe anawaonapo madzi amenewo. Koma ukawakana, utaya ukonde wa eni ake."

Ndawerenga mafotokozedwe ambiri a nkhaniyi, koma sindinapeze oposa amenewa. Zimene Vera Rubin anachita ndi zomwezo: anayang'ana zingwe. Ndipo chimene chinandikhudza n'chakuti amalume sanaone ngati akuuzidwa nzeru za eni. Anazindikira ntchito yawo yomwe, ya munthu amene amadya chifukwa chodziwa kuwerenga zimene zili pansi pa mdima.

Chovuta n'chakuti papita zaka zoposa 90 chilankhulireni Zwicky, koma palibe amene wachigwira chinthucho. Ku South Dakota, mumgodi wakale wa golide, pafupifupi kilomita imodzi ndi theka pansi pa nthaka, kuli thanki ya matani 10 a xenon, mpweya wosowa umene anauziziritsa mpaka kukhala wamadzimadzi. Makina ake amatchedwa LZ, ndipo ntchito yake ndi kudikira kuti kanthu kamodzi ka dark matter kagunde xenon n'kuthwanimitsa. Anakayika pansi choncho kuti miyala itchinge zosokoneza zochokera kumwamba. Zotsatira zimene analengeza mu 2024 zinali zoti sanakole kanthu. Pali ena, kuyambira ndi Mordehai Milgrom mu 1983, amene amati mwina palibe chobisika chilichonse, koma lamulo lathu la mphamvu yokoka ndi limene limalephera zinthu zikatalikirana kwambiri. Ine mtima wanga uli ndi a dark matter, chifukwa umboni wawo sukuchokera pa njira imodzi. Liwiro la nyenyezi likunena zimenezo. Kupindika kwa kuwala kukamadutsa pafupi ndi magulu a milalang'amba kukunena zomwezo. Kuwala kwakalekale kotsala pa chiyambi cha thambo kukuperekanso muyezo wofanana. Mboni zitatu zosadziwana zikanena chimodzi, pabwalo la amfumu mlandu umakhala wayamba kuoneka mutu wake. Komabe ndimavomereza zimene amalume ananena nditawafotokozera za thanki ija: nsomba imene sinalowe m'bwato sugulitsa.

Pali chinanso chachikulu kuposa chimenechi. Kuyambira m'ma 1920 zinadziwika kuti milalang'amba ikutalikirana, thambo likufutukuka. Aliyense ankaganiza kuti kufutukukako kukuchepa mphamvu, monga mwala woponyedwa m'mwamba umayamba kufooka. Mu 1998 magulu awiri a akatswiri, poyeza nyenyezi zophulika za kutali, anapeza zosiyana: kufutukuka kukuwonjezera liwiro. Chimene chikukankha anachitcha dark energy. Akawerengera zonse za m'chilengedwe, dark energy imatenga magawo pafupifupi 68 pa 100, dark matter 27, ndipo otsalawo, asanu okha, ndiwo nyenyezi, dzuwa, nyanja, usipa, inu ndi ine. Silabasi yonse imene ndimaphunzitsa, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ili mkati mwa magawo asanu amenewo.

Kwa zaka 25 ankakhulupirira kuti dark energy siisintha. Koma makina otchedwa DESI, amene ali pa phiri la Kitt Peak ku Arizona ndipo ali ndi timaso 5,000 toloza milalang'amba yosiyanasiyana nthawi imodzi, anayamba kunena zina. Mu Epulo 2024, kenako mu Malichi 2025 atayeza milalang'amba ndi zowala zina pafupifupi mamiliyoni 15, anapeza zizindikiro zoti mwina mphamvuyi ikufooka pang'onopang'ono. Eni ake akuti umboni sunakwane kuti munthu alumbire. Koma zikadzatsimikizika, nkhani ya kumene thambo likulowera idzafunika kuilemba mwatsopano.

Ngakhale liwiro la kufutukukako silikugwirizana. Tayerekezani kuti mwabwera ndi thumba la mpunga kumsika wa pa boma. Sikelo yoyamba yati makilogalamu 67, yachiwiri yati 73. Mwakonzetsa masikelo onse awiri kangapo konse, ndipo iliyonse ikulondola pa katundu wina yense, koma pa thumba ili zikukanabe kugwirizana. Ndi mmene zilili kumeneko. Oyeza pogwiritsa ntchito kuwala kwa pachiyambi, kumene setilaiti ya Planck inajambula, amapeza nambala ya 67. Oyeza nyenyezi za milalang'amba yapafupi, motsogozedwa ndi Adam Riess, amapeza 73. Mwina sikelo ina ili ndi vuto lobisika. Mwinanso m'thumbamo muli chinthu chimene sitikuchidziwa.

Apa n'kuti mdzukulu wa amalume, mtsikana wa Fomu 2, atabwera ndi chitenje cha agogo ake chofunda, n'kukhala pambali pathu. Iye ndi amene anafunsa kuti munthu angadziwe bwanji za pachiyambi pamene panalibe woonerera. Ndinamukumbutsa za munthu wodula mtengo tsidya la dambo: umaona nkhwangwa itagwa, phokoso n'kufika pambuyo. Chimene khutu lako lamva ndi chakale pang'ono. Kuwala nakonso kumachedwa panjira. Ndinamulozera nyenyezi ziwiri zowala zimene zinali kumwera chakumadzulo, pamwamba pa Kumpotosimpita amene anali atatsikira kumitengo. Yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri, ndipo kuwala kumene kunkalowa m'maso mwake kunanyamuka iye ali ku pulayimale, zaka zinayi ndi miyezi ingapo zapitazo. Ukayang'ana kutali, ukuyang'ana kale.

Telesikopu ya James Webb anaipangira zimenezo. Inanyamuka pa Khirisimasi ya 2021 kuchokera ku Kourou, ku French Guiana, ndipo ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno. Galasi lake ndi lotambalala mamita 6.5, ndipo limaona kuwala kumene maso athu saona, kwa mtundu uja umaumva pakhungu ukayandikira mbaula. Kuwala kochokera kutali kwambiri kumafika kutatamuka chifukwa cha kufutukuka kwa thambo, ndiye kumafunika diso lotero. Thambo lili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 13.8. Mu 2024 Webb anaona mlalang'amba wotchedwa JADES-GS-z14-0 mmene unalili patangopita zaka mamiliyoni 290 chiyambireni zonse, ndipo mu 2025 anaona wina, MoM-z14, wa zaka mamiliyoni 280. Thambo likanakhala nkhalamba ya zaka 70, ndiye kuti tapeza chithunzi chake lili ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu.

Chodabwitsa si kutalika kokha. Milalang'amba imeneyi ndi yowala ndiponso yambiri kuposa mmene mawerengedwe ankalosera. Mu Malichi 2025 matelesikopu a ALMA ku Chile anapeza okosijeni mu JADES-GS-z14-0. Okosijeni sanalipo pachiyambi. Amaphikidwa m'kati mwa nyenyezi, n'kumwazika nyenyeziyo ikafa. Ndiye kuti pa nthawi imeneyo nyenyezi zina zinali zitabadwa kale, kukalamba, n'kufa. Mtsikanayo anati zili ngati kupita kukaona mwana wa chikuta n'kumupeza akukukuta chimanga chokazinga. Webb anapezanso timadontho tofiira tambirimbiri m'thambo lakalelo, timene ambiri akuganiza kuti ndi maenje akuda amene akukula atakutidwa ndi mpweya wochindikala. Mmene anakulira msanga chotero ndi funso limene likadali pabwalo.

Amalume anafunsa ngati maenje amenewo amagundana. Amagundana, ndipo tinawamva. Mukudziwa mmene Ilala ikadutsa patali mafunde ake amadzafikira kumtunda sitimayo itapita kale. Albert Einstein analosera mu 1916 kuti zinthu zolemera zikagwedezeka zimatumiza mafunde m'thambo lenilenilo. Pa 14 Seputembala 2015 makina a LIGO ku America, a mikono yotalika makilomita anayi, anagwedezeka pang'ono kwambiri ndi mafunde a maenje awiri amene anagundana zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo. Pa 17 Ogasiti 2017 anamva kugundana kwa mitembo iwiri ya nyenyezi, ndipo matelesikopu atalozako anaona zizindikiro za zitsulo zolemera zikupangidwa, za gulu la golide. Mphete ya ukwati ili ndi mbiri yaitali kuposa dziko limene inakumbidwamo.

Funso limene ndinkalidikira linabwera pamapeto pake. "Nanga kumeneko kuli anthu?"

Pulaneti yoyamba yozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu inapezeka mu 1995, ndi Michel Mayor ndi Didier Queloz. Mwezi womwewo wa kadamsana, Seputembala 2025, chiwerengero cha mapulaneti otsimikizika a kunja kwa banja la dzuwa chinafika 6,000. Malo alipo. Za moyo ndiye nkhani ina. Mu Epulo 2025 akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge, motsogozedwa ndi Nikku Madhusudhan, analengeza kuti pa pulaneti ya K2-18b, imene kuwala kwake kumatenga zaka 124 kuti kufike kuno, aona zizindikiro za mpweya umene pa dziko lathu umatuluka makamaka m'tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja zamchere. Nkhaniyi inayenda pa WhatsApp ngati moto wa m'chilimwe, ena mpaka kulemba kuti apeza zamoyo. Koma magulu ena ataunikanso zomwezo anati chizindikirocho n'chofooka, ndipo mipweya ina ingachifanizire. Ana anga a sukulu anakhumudwa nditawauza zimenezi. Ine sindinakhumudwe. Ndimakhulupirira anthu amene amalola anzawo kuwatsutsa poyera, kusiyana ndi amene amafuna kuwomberedwa m'manja msanga.

Chimene chili chotsimikizika ndi chaching'ono, koma chimandigwira mtima. Mu Seputembala 2023 chombo cha OSIRIS-REx chinabweretsa magalamu pafupifupi 120 a dothi la mwala wa m'mlengalenga wotchedwa Bennu. Mu Januwale 2025 analengeza kuti m'dothimo muli mitundu 14 mwa mitundu 20 ya timagawo timene thupi limamangira mapuloteni, komanso mchere wotsala madzi atauma. Zipangizo zomangira moyo zili mbwee kunjako, ngakhale nyumba yomangidwa sitinaione. Ndipo miyala yotere si ya ku America kokha. Mu Januwale 1981 mwala wolemera makilogalamu oposa 90 unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga, kwathu konkuno.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena, chifukwa ndinachimvanso pa dooko: zimenezi zibweretsa ufa m'nyumba? Sindinama, sizibweretsa mawa lino. Mtengo wa petulo wa injini ya boti susintha chifukwa cha dark energy. Koma ndaphunzitsa zaka zokwanira kuti ndione chinthu chimodzi. Ndikamalembetsa manotsi, ana amalemba maso ali tulo. Ndikangoti, "Ichi palibe munthu pa dziko lonse amene akuchidziwa," mitu imadzuka, ngakhale ya anyamata a kumbuyo aja anachezera kukoka ukonde. Ife tinaphunzira sayansi ngati munda umene eni ake anakolola kale, ife tikungokunkha. Tinaloweza mapulaneti asanu ndi anayi ngati malamulo, ndipo Pluto atachotsedwa pa mndandanda mu 2006 ena anaona ngati anawanamiza. Palibe anatiuza kuti mbali yaikulu ya mundawo sinalimidwe n'komwe. Zimandipweteka ndikaganiza za anzanga anzeru amene anaitaya sayansi poganiza kuti mulibe malo awo.

Tilinso ndi chinthu chimene ena anachitaya. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse pa dziko sangaone mlalang'amba kumene amakhala, chifukwa cha magetsi a m'mizinda. Ngakhale ku Lilongwe, pakati pa tauni, ufa uja suoneka bwino. Musandimve molakwa, ndikufuna magetsi afike m'mudzi mwathu, mwana awerenge usiku, chipatala chisunge katemera. Koma babu ya panja ikhoza kuvala chipewa n'kuunikira pansi pamene pali ntchito, osati kumwamba. Siginala aliyense amadziwa kuti nyali yolozera kolakwika imangotha batire.

Thambo lathu lakumwera lomweli ndi limene dziko lonse latembenukirako. Ku South Africa ntchito yomanga SKA, telesikopu yaikulu yotchera mafunde a wailesi, inayamba mu Disembala 2022, ndipo madishi a MeerKAT adzalowa m'gulu la madishi 197. Ku Chile, pa phiri la Cerro Pachón, kuli telesikopu yatsopano imene anaitcha dzina la Vera Rubin, mayi uja anayang'ana zingwe, amene anamwalira mu 2016 osalandira Nobel. Zithunzi zake zoyamba zinatuluka pa 23 Juni 2025. Kamera yake ndi ya mamegapikiselo 3,200, ndipo kwa zaka khumi izijambula thambo lonse lakumwera masiku angapo alionse, kuti chilichonse chosuntha kapena chothwanima chigwidwe. M'maola ochepa oyesera inapeza miyala ya m'mlengalenga yoposa 2,000 imene inali isanadziwike. Patangopita sabata, pa 1 Julayi, telesikopu ina ya ku Chile komweko inaona nyenyezi ya mchira yotchedwa 3I/ATLAS, mlendo wachitatu wodziwika wochokera kunja kwa banja la dzuwa. Mtsikana uja anafunsa ngati zithunzi zimenezi munthu wa ku Nkhotakota angazione. Ndinamuuza kuti zambiri zili pa intaneti, ndipo kuti ndidzamugulira bandulo tikadzakumana Loweruka.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, m'mphepete mwa mwezi munang'anima kachingwe koyera. Ana amene anawalowetsa m'nyumba aja anatulukanso akukuwa. Kachingweko kanakula, mchenga unayamba kuyera, zithunzithunzi za mabwato zinabwerera, ndipo mlalang'amba unazilala pang'onopang'ono mpaka panatsala nyenyezi zikuluzikulu zokha. Amalume anawerenga pa zala masiku amene mwezi uzichedwa kutuluka, n'kunena kuti pofika Lachinayi mdima wa madzulo ukhala wokwanira kukayatsa. Anapinda ukonde, mdzukulu wawo n'kusenza batire limodzi pamutu, ine linalo m'manja.

Tikukwera kumtunda anaima, n'kutembenukira kumwamba kamodzinso.

"Aphunzitsi, akadzachikola chinthu chanucho, mudzandiuze msanga. Ndikufuna ndidzamve kuti anatchera ndi chiyani."